Mabisiketi a eggnog a pa Khirisimasi: fungo lake lili mu nutmeg

Eggnog ndi chakumwa chokhuthala cha mkaka, kirimu, mazira ndi shuga chimene anthu a ku America ndi ku Canada amakonda kumwa nyengo ya Khirisimasi mpaka chaka chatsopano, ena atathiramo ramu kapena brandy. Ambiri akamaphika mabisiketi otengera chakumwachi amaganiza kuti kuthira eggnog wambiri ndiye kuwonjezera kukoma. Eggnog akalowa mu uvuni kukoma kwake kumazilala, chotsala n'chinyezi, ndipo chinyezi chikachuluka mumatulutsa timakeke tofufuma m'malo mwa mabisiketi. Chimene lilime limazindikira kuti ndi eggnog ndi nutmeg (njere yokometsera zakudya) ndi chikasu cha dzira. Zinthu ziwirizi ndiye muzisamale.

Kuti mupeze mabisiketi pafupifupi 26, konzani fulawa magalamu 280, baking powder supuni yaing'ono imodzi, mchere theka la supuni yaing'ono, nutmeg supuni yaing'ono imodzi ndi sinamoni theka la supuni yaing'ono. Pambali ikani batala magalamu 170, shuga woyera magalamu 100, shuga wofiirira magalamu 100, zikasu za mazira awiri, vanila supuni yaing'ono imodzi ndi eggnog mamililita 100. Ngati mukufuna kafungo ka ramu, supuni yaikulu imodzi ndi yokwana, koma chotsani eggnog wa muyezo womwewo.

Fulawa yesani pa sikelo. Mukamatunga ndi kapu m'thumba, fulawa amatsendereka ndipo kapu imodzi imatha kufika magalamu 150 m'malo mwa 125. Kusiyana kumeneku ndi kumene kumaumitsa mabisiketi.

Nutmeg ndi njere yolimba ya mtengo wochokera ku zilumba za Banda ku Indonesia. Fungo lake lili m'mafuta amene amauluka njereyo ikaperedwa, n'chifukwa chake wa m'botolo amene wakhala miyezi ingapo amangomveka ngati utuchi. Gulani njere yathunthu, muipale nokha pa gireta ya timabowo ting'onoting'ono nthawi imene mukuphikayo. Wopala kumene ndi wamphamvu, choncho musapyole supuni yaing'ono imodzi. Akachuluka amawawa, ndipo kuwawako kumatsalira kukhosi. Sinamoni akhale wochepa dala: ntchito yake n'kuthandizira, akachuluka amakwirira nutmeg ndipo mabisiketi amangokhala a sinamoni.

Ngati eggnog wa m'sitolo mulibe, phikani wanu. Menyani zikasu za mazira awiri ena ndi shuga masupuni aakulu awiri mpaka ziyererepo. Tenthetsani mkaka mamililita 180 ndi kirimu mamililita 60 mpaka nthunzi iyambe kutuluka, kenako muzithira pang'onopang'ono m'mazira muja kwinaku mukutakasa. Mukathira zonse nthawi imodzi mazira amapsa n'kupanga zibuluma. Bwezerani pa moto wochepa, osaleka kutakasa, mpaka afike madigiri 71 a Celsius, kapena mpaka atamamatira kumsana kwa supuni moti mukadutsitsa chala mzere ukutsala. Asawire. Palironi nutmeg pang'ono, musefe, azizire.

Tsopano kukanda. Batala akhale wofewa moti chala chikuloŵa mukadina koma sakunyezimira mafuta. Wosungunuka sasunga mpweya, ndipo mabisiketi ake amayanzika n'kukhala opyapyala. Menyani batala ndi shuga wa mitundu yonse iwiri kwa mphindi zitatu ndi makina, kapena zisanu mpaka zisanu ndi chimodzi ndi mthiko, mpaka zipepuke ndi kuyererapo. Thirani chikasu chimodzi, mumenye, kenako chinacho, kenako vanila. Choyera cha dzira sichilowamo chifukwa chili ndi madzi ambiri ndipo chimafufumitsa.

Pothira eggnog m'pamene ambiri amachita mantha. Akakhala wozizira wa m'firiji, batala amaundana n'kuoneka timibulu ngati mkaka wosasa. Musataye, sizinaonongeke. Thiranimo supuni ziwiri za fulawa uja, mumenye, zigwirananso. Kupewa kwake n'kosavuta: tulutsani eggnog ndi mazira m'firiji theka la ola musanayambe, ndipo eggnog muthire m'magawo atatu.

Sefani fulawa, baking powder, mchere ndi zokometsera m'mbale ina, kenako muphatikize ndi zonyowazo pogwiritsa ntchito mthiko, osati makina. Mukangoona kuti fulawa woyera sakuonekanso, lekani. Kukanda mopitiriza kumalimbitsa gluten, puloteni ya mu fulawa imene imachititsa ufa wokanda kutamuka, ndipo mabisiketi amatafunika ngati buledi.

Ufa wokandawu umakhala wonata kuposa wa mabisiketi wamba, ndipo dzanja limafuna kuwonjezera fulawa. Musatero. Phimbani mbale, muike m'firiji kwa ola limodzi kapena kuposerapo. Batala amalimba, fulawa amamwa chinyezi, ndipo kunata kumatha kokha. Ukagona usiku wonse fungo limakhazikika bwino kwambiri, kungoti m'mawa muutulutse mphindi 15 musanaumbe.

Yatsani uvuni pa madigiri 175 ndipo mudikire utenthe ndithu. Yalani pepala lophikira pa thireyi, umbani timipira ta magalamu 30, mutitalikitse masentimita asanu, ndipo mutidine pang'ono ndi chikhatho. Phikani thireyi imodzi nthawi imodzi, pakati pa uvuni, kwa mphindi 11 mpaka 13. Mabisiketi awa sasintha mtundu kwambiri pamwamba, choncho mukadikira kuti afiire mupeza apserera. Onani m'mbali: mukhale molimba, pamwamba pasanyezimirenso, pakati pakhale pofewa mukakhudza. Nyamulani limodzi muone pansi, pakhale pofiirira pang'ono chabe. Asiyeni pa thireyi mphindi zisanu amalize kulimba, kenako muwasamutsire pa waya woziziritsira.

Thireyi yotentha musaikepo timipira tatsopano, batala amasungunuka tisanalowe n'komwe mu uvuni. Ngati oyamba ayanzika kwambiri, bwezerani otsalawo m'firiji kwa mphindi 20. Ngati atuluka olemera osakwera, kayikirani baking powder: thirani theka la supuni m'madzi otentha, akapanda kuchita thovu nthawi yomweyo ndiye kuti anatha mphamvu.

Kukoma kwa eggnog weniweni kumabwerera pamwamba, chifukwa zopaka sizilowa mu uvuni. Kuti mupange zopakazo, sefani shuga wa icing (shuga wosalala ngati ufa) magalamu 120, muthiremo eggnog supuni yaikulu imodzi ndi theka, mutakase, muziwonjezera madontho mpaka ziziyenderera pa supuni mwaulesi. Apa eggnog akhale wa m'sitolo kapena wophika uja, wa mazira aawisi ayi. Pakani mabisiketi atazizira kotheratu, apo ayi zopakazo zimasungunuka n'kutsikira pansi. Palironi nutmeg pamwamba zisanaume kuti amamatire, ndipo dikirani ola limodzi musanawasanjikize.

Osapaka amakhala masiku anayi kapena asanu m'chitini chotseka bwino. Opaka asungeni m'firiji, pepala pakati pa mzere ndi mzere. Timipira tosaphika timasungika mu firiza mpaka miyezi itatu, ndipo timalowa mu uvuni tili touma choncho, mungowonjezera mphindi ziwiri.