Mmene Mungazengere Mlandu Ganizo Lamantha

Tiyerekeze kuti ndi Lachinayi madzulo, mwangofika kunyumba ku Chibavi, ndipo pa foni palowa uthenga wa abwana wakuti: "Mudzandione mawa m'mawa." Uthengawo sunanene zambiri, koma musanavule n'komwe nsapato, m'mutu mwanu ntchito yatha kale, a landilodi akutulutsani m'nyumba, ndipo ana abwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Nsima siikulowa, tulo tathawa. Chimene chakusautsani usiku wonsewo si abwanawo ayi, koma nkhani imene maganizo anu apeka pa mawu atatu okha.

Dokotala wa matenda a maganizo wa ku America, Aaron Beck, anazindikira zimenezi m'zaka za m'ma 1960 akugwira ntchito pa University of Pennsylvania. Iye anaona kuti odwala ake ankakhala ndi timaganizo tobwera tokha mwaliwiro, tomwe ankatikhulupirira osatifunsa, ndipo kuti timaganizoti n'timene tinkatsogolera chisoni ndi mantha awo. Njira imene ndikufotokoza pano yachokera pa mfundo imeneyo.

Yambani ndi thupi, chifukwa munthu amene mtima uli m'mwamba samva malangizo, ngakhale ake omwe. Mu ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala, komwe ntchito yake ndi kuchenjeza za ngozi. Kakachenjeza, tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timatulutsa m'magazi timadzi totchedwa adrenaline, ndipo mtima umathamanga, m'manja mumatuluka thukuta, m'kamwa mumauma. Vuto ndi lakuti mlonda ameneyu sasiyanitsa bwino njoka yogona panjira ndi manyazi amene mukungowaganizira. Zonse amaziimbira belu limodzi. Choncho khalani pansi, kokani mpweya mukuwerenga mpaka 4, kenaka muutulutse pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6, ndipo bwerezani kwa mphindi zingapo. Kutulutsa mpweya motalika kumachepetsa kugunda kwa mtima.

Thupi likadekha, tengani kope ndi cholembera, mulembe ganizolo monga momwe likumvekera m'mutu, osalikongoletsa. Musalembe kuti "ndili ndi nkhawa," pakuti nkhawa ndi utsi chabe, lembani moto wake: "Mawa andichotsa ntchito ndipo sindidzapezanso ina." Apa m'pamene ambiri amachita ulesi, nanena kuti aziganiza mumtima basi. Ine ndimakana. Ganizo likakhala m'mutu limasinthasintha nkhope ngati nanzikambe, moti mukaligwira kuno limatulukira uko, koma likagona pa pepala limakhala chiganizo chimodzi chokhala ndi poyambira ndi pothera, chomwe mungathe kuchiyang'ana m'maso.

Tsopano lizengeni mlandu monga amachitira a mfumu pabwalo, amene sagamula asanamve mbali zonse ziwiri. Mbali yoyamba ndi umboni wovomereza ganizolo: kodi munalandirapo kalata yochenjeza, kapena kodi kampani ikuchepetsa antchito? Mbali yachiwiri ndi umboni wolitsutsa: kodi abwana akuitanani kangati chaka chino, ndipo pa maulendo amenewo n'kangati pamene panali zoipa? Samalani kwambiri ndi mboni zitatu zabodza zimene zimakonda kulowerera. Yoyamba imalosera zam'tsogolo ngati kuti inapitako kale. Yachiwiri imadzinenera kuti ikudziwa za mumtima mwa anthu ena, n'kumati "onse ku tchalitchi amandiseka." Yachitatu, yomwe ndi yankhanza kuposa zinzake, imatenga cholakwa chimodzi n'kuchisandutsa dzina lanu, kotero kuti amene walephera mayeso a MSCE kamodzi amadzitcha mbuli ya moyo wonse. Mukamva mawu akuti "nthawi zonse," "palibe aliyense" kapena "sindidzatha," dziwani kuti mmodzi mwa atatuwa ndiye akulankhula.

Chigamulo chake chisakhale chodzinamiza. Kudziuza kuti "zonse zili bwino" pamene simukudziwa n'kungosinthanitsa bodza lowawa ndi bodza lotsekemera, ndipo mtima sukhulupirira. Lembani chiganizo choona: "Sindikudziwa chimene andiitanira, ngati pali vuto, ndimva kaye, ndipo ndili ndi ufulu woyankha." Kenaka tsekani kopelo.

Koma pepala lokha silikwanira, chifukwa mantha chakudya chake ndi kuthawa. Mayi amene amaopa kulankhula pa msonkhano wa banki nkhonde akadwala dala tsikulo, amamva mpumulo, ndipo mpumulo umenewo umaphunzitsa ubongo kuti kuthawa ndiko kwamupulumutsa. Sabata yotsatira mantha amabwera atanenepa. Umu ndi mmene moyo wa munthu umapanikizikira mwakachetechete: fomu yofunsira malo ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) imakhala m'chikwama mpaka tsiku lotsekera litadutsa, ndipo ganizo lokaoda nsomba ku Nkhata Bay limakalamba lisanayesedwe. Mankhwala ake ndi kuyandikira chimene mukuopacho mwamakwerero. Mayi uja ayambe ndi kupereka moni mokweza mawu, sabata inayo afunse funso limodzi, kenaka awerenge chiwerengero cha masheya pamaso pa gulu. Pa sitepe iliyonse akhalepo mpaka mtima utayamba kutsika wokha, ndipo asadikire kuti mantha athe kaye, chifukwa mantha amachepa pambuyo pochita, osati pokonzekera. Mowa ndi chamba sizithandiza pano, popeza nazonso ndi kuthawa kumene, kungoti kwavala malaya ena.

Pezaninso munthu mmodzi wosunga chinsinsi woti muzimuwerengera zimene mwalemba. Ku Harare, Dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ntchito ya Friendship Bench, yomwe imaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi n'kumamvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amachitcha kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri komwe nafenso timakudziwa bwino. Agogowo sagawa mapiritsi. Amathandiza munthu kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi, ndi kupeza choti achitepo. Mnzanu, mlamu wanu kapena mkulu wa mpingo angathe kuchita zofananako, malinga akhale womvetsera osati wofulumira kudzudzula.

Pali malire amene kope ndi mnzanu sangadutse. Ngati kwa masabata awiri kapena kupitirira mwakhala osagona bwino, osafuna kudya, osasangalala ndi chilichonse, kapena mantha akukulepheretsani kutuluka m'nyumba ndi kugwira ntchito, pitani kuchipatala. Ife a ku Mzuzu tili ndi mwayi woti a St John of God ali mumzinda momwe muno ndipo amapereka uphungu ndi chithandizo cha matenda a maganizo. Mungathenso kuyambira ku Mzuzu Central Hospital kapena pa chipatala chaching'ono cha kwanuko, kumene angakulozereni koyenera. Ngati mwayamba kuganiza zodzipha, uzani munthu amene muli naye pafupi lero lomwe, ndipo mupite naye limodzi kuchipatala osadikira kuti kuche.