Kabuku mwagawa ulere, nanga manambala a alimiwo ali kuti?

Chaka chino mafoni athu adzadza ndi timabuku taulere. Kalendala ya ulimi wa chitowe, kapepala ka momwe mungathanirane ndi ntchemberezandonda, kena ka katemera wa chitopa, zonse ma PDF, ndipo opanga ake ndi anyamata athu omwewa ogulitsa mbewu ndi mankhwala pa Nchalo, pa Ngabu, pa Bangula, ena ndi makopaletivi. Nzeru yake sindikuitsutsa ayi. Umapereka kanthu kothandiza kwaulere, munthu nkukupatsa nambala kapena imelo yake, kuti mawa katundu akafika udziwe womuuza. Koma anthuni mukungochita mbali imodzi yokha, yopatsayo. Kabuku mwakaponya mu gulupu ya WhatsApp, aliyense watsitsa, wina waika kachala kothokoza, basi nkhani yathera pomwepo. Dzina la mlimi ngakhale mmodzi simunalembe.

Kumeneko nkufesa mchewere m'munda mwa eni ake. Gulupuyo si yanu, ma admin akatopa nanu akuchotsani, ndipo ngakhale mukhalemo uthenga wanu wa mbewu ukakwiririka pansi pa mauthenga a maliro, mavesi a m'mawa ndi mikangano ya Bullets ndi Wanderers, ambiri anaitseka kale pakamwa kuti isamalire. Ndiye werengani zomwe mwataya. Bandulo yanu, ndalama yomwe munapatsa mnyamata wa pa kompyuta kuti akonze kabukuko, masiku omwe munakhala mukulemba. Izi ndi zazing'ono. Chachikulu chimabwera madzi akayamba kuphwa cha mu Epulo ndi Meyi, anthu akutsikira ku madimba m'mbali mwa Shire ndi ku Elephant Marsh, aliyense akufuna mbewu ya chimanga yocha msanga, nyemba, mbewu ya mbatata, sabata yomwe ija imene mukanangotumiza uthenga umodzi kwa anthu oti munawathandiza kale ndipo amakukhulupirirani. Inu muli phee pa kauntala kudikira wodutsa. Venda wa pa njinga wafika kale m'mudzi.

Ndikafunsa yankho lake ndi lomwe lija la kale, akuti uthenga umayenda wokha, tikalengeza ku tchalitchi, a mfumu akauza anthu pa msonkhano. Zimanditopetsa zimenezi. Munagula foni ya ndalama zambiri kuti muzidikirabe Lamulungu? Ena amati manambala ali m'mutu, ena anawalemba kuseri kwa katoni ya feteleza, dzina lokha opanda mudzi opanda mbewu yomwe munthuyo amalima. Kuno ndi kuchigwa abale, tinaona namondwe Ana mu 2022, Freddy mu Malichi 2023, mafoni anapita ndi madzi, anthu anasintha ma laini ali m'makampu. Ukanalemba mudzi ndi mfumu yake munthu umamupezabe.

Bambo ena a cha ku Makhanga anandiimitsa pa msika ndi foni ya mwana wawo, galasi lake losweka pakona, akuti a alangizi taonani ichi. Kanali kabuku ka chitowe kolembedwa bwino ndithu, m'Chichewa chomveka, katadutsa m'mafoni ambirimbiri kuti kawafike. Iwo anakakonda, amafuna mbewu yomwe yatchulidwamo. Tinakasanthula kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, mulibe dzina la shopu, mulibe nambala, mulibe chilichonse. "Ndiye wolembayu amafuna chani kwa ife?" Sindinawayankhe. Anakagula ya m'mbale kwa wina wongoyala pansi, ndipo mwini kabuku uja mpaka lero sakudziwa kuti kasitomala anamufuna.

Za imelo nazo tisanamizane. Pafupifupi aliyense wa foni ya Android ali ndi Gmail chifukwa anamutsegulira pogula kuti Play Store igwire ntchito, koma kuitsegula ndiye ayi, pasiwedi amaidziwa ndi wa pa shopu uja. Imelo tengani kwa ogula ambiri, mabungwe, aphunzitsi, a m'maofesi ku boma la Chikwawa ndi Nsanje. Kwa mlimi tengani nambala.

Chochita nchosavuta. Mu gulupu musaikemo kabuku konse, ikani chithunzi cha tsamba loyamba ndi mawu oti wofuna anditumizire dzina, mudzi ndi mbewu yomwe amalima. Mafunso atatu okha, mukachulukitsa athawa. Muuzeni asunge nambala yanu, chifukwa uthenga wa broadcast, uja wa pa WhatsApp wotumiza kamodzi kwa anthu ambiri aliyense payekha, sufika kwa munthu amene sanaisunge, komanso mndandanda umodzi umatenga anthu 256, akapitirira tsegulani wina, athonje paokha a ziweto paokha. Nenani poyera kuti muzidzawatumizira mauthenga ndipo wosafuna anene mumuchotse. Manambalawo osagulitsa, osabwereketsa kwa a ndale kapena a katapila, dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024 ndipo oyang'anira ake ndi a MACRA.

Kabuku kakhale kopepuka, masamba awiri atatu, netiweki ya ku East Bank mukuidziwa. Nambala yanu pa tsamba lililonse poti kadzayendabe m'manja mwa ena. Kwa osawerenga jambulani voice note ya Chimang'anja kapena Chisena, a timafoni ta mabatani SMS ikwana. Mayinawo lembaninso mu hadikava ina, muiike mu jumbo, isamagone malo amodzi ndi foni.