Cidziwitso kwa Amayi Apakati: Madzi Akaculuka m'Cibalilo

Cidziwitsoci ni ca inu amayi ocokela ku Zambia amene mukhala m'cigawo ca Tete, ku Chifunde, Macanga, Marávia kapena Zumbo, komanso amene mumaoloka malile pa Chanida ndi Cassacatiza muli ndi pakati.

Mwana amakhala m'madzi m'cibalilo. Kucokela pakati pa mimba, madziwo ambili amakhala mkodzo wa mwanayo, ndipo iye amawameza, motelo saculuka. Pa masabata 34 mpaka 36 amafika pafupifupi lita imodzi. Mwa amayi 100 apakati, mmodzi kapena awili amakhala ndi madzi opitilila, nthawi zina malita 2 kapena kuposa. Pa khadi la ku Zambia vutoli amalemba kuti polyhydramnios, pa la ku Mozambique polidrâmnio. Ngati muli ndi makhadi awili, muzibwela nawo onse ku sikelo.

Madzi akaculuka, mimba imakula msanga kuposa miyezi yake, khungu limakungika ndi kunyezimila, mpweya umacepa mukagona cagada, mapazi amatupa. Maso okha sangatsimikize. Anamwino akapima mimba ndi tepi adzakutumizani ku sikani, ndipo musazengeleze. Adzapimanso magazi, cifukwa shuga, cindoko, mapasa, kapena mwana amene sameza bwino, zonsezi zimaculukitsa madzi. Kawilikawili cifukwa sicipezeka, ndipo ana ambili amabadwa bwinobwino.

Musaleke kumwa madzi. Amene mumamwa si amene acititsa vutoli. Musamange mimba ndi citenje, ndiponso musamwe mankhwala a zitsamba ofulumizitsa kubala.

Pamene tikukupemphani kwambili ni apa: mukabalile ku cipatala cimene cimacita opaleshoni ndi kuika magazi. Madzi akaculuka, mwana amatha kugona copingasa, ndipo nsupa ingasweke masiku asanakwane. Ikasweka, madzi amatuluka mwamphamvu, mwina n'kutsogoza cingwe ca mcombo. Mukaona cingweco kapena kucimva kumusi, musacibwezele mkati. Gwadani, cifuwa pansi, ciuno m'mwamba, ena athamangile galimoto. Cingwe cikapanikizika, mwana samalandila mpweya. Ngakhale mutabala bwino, cibalilo cimene cinatambasuka kwambili cimacedwa kubwelela, ndipo magazi angatayike ambili. Zimenezi azamba a kumudzi sangazithe.

Thamangilani ku cipatala, usiku kapena usana, mukaona magazi, nsupa ikasweka, mimba ikauma ndi kuwawa, mwana akacepetsa kusewela, kapena mukabanika muli khale.

Ngati kwanu n'kutali, makamaka m'nyengo ya mvula pamene mitsinje imadzala, funsani anamwino za nyumba yodikilila, imene kuno amati casa de espera, mupite mwezi womaliza usanafike pakati. Abambo, ndalama ya ulendo isungidwe kucokela lelo.

Mwana akabadwa, kumbutsani anamwino kuti madzi anali oculuka, kuti aone ngati akumeza bwino. Akamatulutsa thovu m'kamwa kapena kutsamwa poyamwa, lekani kumuyamwitsa, muitane anamwino nthawi yomweyo.