Momwe mungaunikire nkhani za nkhondo za kunja musanasankhe mbali

Kuno ku Salima nkhani za nkhondo za mayiko akutali zimakambidwa kwambiri. Akabaza akamadikira anthu pa Kamuzu Road, asodzi akamasoka maukonde ku Senga Bay, ngakhalenso anthu akamatuluka mumzikiti kapena m'tchalitchi, mayina a Putin, Trump ndi Netanyahu sasowa pakamwa. Chidwi chimenechi n'chabwino, koma chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri amasankha mbali pa nkhondo monga momwe munthu amasankhira pakati pa Bullets ndi Wanderers, ndipo akatero safunanso kumva chilichonse choipa chokhudza mbali yawo, pamene nkhondo imapha ana ndi amayi kulikonse kumene bomba lagwera. Malangizo otsatirawa ndi a munthu amene akufuna kukhala ndi maganizo akeake, ozikidwa pa zinthu zoona.

Choyamba, nkhani iliyonse ikakufikani, funsani kuti waibweretsa ndani ndipo amene amamulipira ndani. Wailesi ya kanema ya RT imayendetsedwa ndi ndalama za boma la Russia, CGTN ndi ya boma la China, Al Jazeera imathandizidwa ndi boma la Qatar, ndipo BBC ndi ya ku Britain. Izi sizikutanthauza kuti onsewa ndi abodza mofanana, chifukwa ufulu wa atolankhani umasiyana kwambiri m'mayiko amenewa, koma aliyense ali ndi zimene amazikuza ndi zimene amangozidutsa. Njira yosavuta ndiyo kumva nkhani imodzi kuchokera ku nyumba zoulutsa mawu ziwiri zimene sizimagwirizana, n'kuona pamene zafanana. Pamene adani awiri anena chimodzimodzi, nthawi zambiri pamakhala poona. Za kanema wa pa WhatsApp kapena TikTok, musamutumize kwa ena musanadziwe tsiku limene anajambulidwa ndi malo ake, chifukwa zithunzi za nkhondo zakale zimabwezedwa kawirikawiri ngati zadzulo, ndipo masiku ano zina zimapangidwa ndi kompyuta. Mukakhala ndi bandulo, ikani chithunzicho pa Google Lens kuti muone ngati chinatulukapo kale. Uthenga wa mawu woyamba ndi kuti "mbale wanga wa ku Joni wandiuza" si umboni.

Chachiwiri, onetsetsani chaka chimene wokamba nkhaniyo wayambira, pakuti poyambira pake pamaulula mbali imene ali. Wina amayamba nkhani ya Ukraine pa 24 February 2022, tsiku limene asilikali a Russia analowa m'dzikolo. Wina amabwerera ku 2014, pamene Russia inalanda chigawo cha Crimea, ndipo wina amayambira pa kugawikana kwa Soviet Union mu 1991 ndi kukula kwa mgwirizano wankhondo wa NATO chakum'mawa kwa Ulaya. N'chimodzimodzinso ndi Gaza. Amene amayambira pa 7 October 2023 amakamba za anthu pafupifupi 1,200 amene anaphedwa ku Israel pa chiwembu cha gulu la Hamas la ku Gaza ndi ena amene anagwidwa ukapolo, pamene amene amayambira mu 1948 kapena mu 1967 amakamba za anthu a ku Palestine amene anachotsedwa m'midzi yawo ndi malo amene analandidwa, kenako n'kufika pa anthu masauzande ambirimbiri amene afa ku Gaza kuyambira 2023. Munthu wofuna chilungamo ayenera kudziwa zaka zonsezi, ndipo ayeneranso kukumbukira kuti cholakwa chakale chimafotokoza mkwiyo wa lero koma sichipereka chilolezo chophera anthu wamba.

Pano ndiyenera kuimapo pang'ono, chifukwa Salima ndi boma limene Asilamu ndi Akhristu amakwatirana, amagulitsana malonda mumsika umodzi ndiponso amathandizana pamaliro. Musalole kuti nkhondo ya kutali isanduke mpikisano wa mzikiti ndi tchalitchi. Dziko la Israel lamakono linakhazikitsidwa mu 1948 ndipo lili ndi zipani zandale, zisankho ndi nzika zimene zimatsutsa boma lawo pamsewu, choncho kudzudzula zochita za bomalo si kunyoza Malemba. Pakati pa anthu a ku Palestine palinso Akhristu, ena mwa iwo ali ku Bethlehem komwe, ndipo kumvera chisoni ana a ku Gaza sikufuna kuti munthu avomereze zimene Hamas inachita. Anthu ambiri a ku Russia ndi a ku Ukraine ndi a mpingo wa Orthodox, koma akuphana. Ku Sudan, nkhondo imene inayamba mu April 2023 ili pakati pa asilikali a boma ndi gulu lankhondo la RSF, ndipo atsogoleri a mbali zonse ziwiri ndi Asilamu. Kawirikawiri chimene chimamenyanitsa mayiko ndi malo, chuma ndi mphamvu, ndipo chipembedzo chimabwera pambuyo kuti chikope anthu.

Phunziraninso kusiyanitsa migwirizano, chifukwa yambiri imangotchulidwa pamodzi ngati ndi yofanana. NATO, imene inayamba mu 1949 ndipo tsopano ili ndi mayiko 32, ndi mgwirizano wankhondo umene umati kuukira dziko limodzi ndi kuukira onse. BRICS, mmene muli Brazil, Russia, India, China, South Africa ndi ena monga Egypt ndi Ethiopia amene analowa mu 2024, ndi bwalo la zachuma ndi ndale ndipo ilibe pangano lotetezana pankhondo. Ku United Nations, nthambi yoona za chitetezo ili ndi mipando 15, koma America, Britain, France, Russia ndi China ali ndi mphamvu yokana chigamulo chilichonse, ndipo n'chifukwa chake bungweli limaoneka lomangika manja dziko lalikulu likakhala pakati pa mkangano.

Mukadziwa zimenezi, fufuzani pamene dziko lathu laima ndi chifukwa chake. Pa 2 March 2022 mayiko 141 anavota ku United Nations kudzudzula Russia, ndipo Malawi ndi Zambia anali pakati pawo, pamene Mozambique, Tanzania, Zimbabwe ndi South Africa sanavotere mbali iliyonse. Patapita chaka chimodzi dziko lathu linalandira matani 20,000 a feteleza kuchokera ku kampani ya ku Russia. Ubale wathu ndi Taiwan, umene unayamba mu 1966, unatha kumapeto kwa 2007 pamene boma la Bingu wa Mutharika linasankha China, ndipo nyumba ya malamulo ku Lilongwe ndi bwalo la Bingu National Stadium zinabwera pambuyo pa chisankho chimenecho. Mu 1967 boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa ubale ndi boma latsankho la South Africa pamene mayiko ena a mu Africa ankalisala. Mu April 2024 Malawi anatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv, pa nthawi imene achinyamata athu ankapita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel ndipo South Africa inali itasumira dzikolo ku khothi la dziko lonse ku The Hague. Pa chilichonse mwa zimenezi funsani kuti tinalandira chiyani, tinalonjeza chiyani, ndipo ngongole yake adzabweza ndani. Ine ndimaona kuti dziko losauka liyenera kuchenjera posankha abwenzi, koma nzika zake zili ndi ufulu wodziwa mtengo wa ubwenziwo.

Pa nkhani ya kukwera mitengo, gawani zifukwa mosamala. N'zoona kuti Russia imagulitsa feteleza wambiri padziko lonse, ndipo nkhondo ya 2022 inakweza mitengo ya feteleza, tirigu ndi mafuta ophikira, zimene mlimi wa mpunga ku Lifuwu ndi wa chimanga ku Khombedza anazimva m'thumba. Koma kwacha inachepetsedwanso mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kuli ndi zifukwa za kuno kwathu. Wandale akanena kuti zonse ndi nkhondo ya ku Ukraine, kapena mnzake akanena kuti nkhondoyo sikutikhudza n'komwe, onse awiri akubisa gawo la nkhani.

Samalaninso ndi mawu akuti "Amalawi ambiri akuti". Ndemanga za pa Facebook zimachokera kwa anthu amene ali ndi foni yamakono ndi ndalama ya bandulo, ndipo agogo a ku Thavite salembapo kanthu. Kafukufuku wodalirika, monga wa Afrobarometer, amafunsa anthu pafupifupi 1,200 osankhidwa mwa dongosolo m'zigawo zonse, ndipo amaonetsa mafunso amene anafunsidwa ndi nthawi yake. Chiwerengero chimene sichikunena kuti anafunsidwa ndani musachikhulupirire msanga.

Nkhondo imene tiyenera kuitsatira mwatcheru kuposa zonse ndi ya kum'mawa kwa DRC, ngakhale kuti sikambidwa kwambiri ngati za ku Ulaya. Asilikali athu amaphunzira ntchito ku sukulu ya asilikali ya MAFCO kuno ku Salima, ena amakhala ku Senga Bay, ndipo akhala akutumizidwa ku Congo pansi pa United Nations, kenakonso pansi pa SADC mpaka mu 2025. Mu November 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa kufupi ndi Beni, ndipo ena anafa mu January 2025 pa nthawi imene gulu la zigawenga la M23 linkalanda mzinda wa Goma. Mphekesera za imfa ya msilikali zikayamba kuyenda, dikirani chikalata cha Malawi Defence Force, ndipo musatumize dzina kapena chithunzi chake m'magulu a pa foni, chifukwa mkazi wake kapena mayi ake akhoza kukhala m'gulu lomwelo asanauzidwe mwamwambo. Ngati muli ndi mafunso okhudza chifukwa chimene asilikali amatumizidwira kunja ndi chisamaliro cha mabanja a amene anafa, kawafunseni aphungu anu akabwera kudzachititsa msonkhano m'dera lanu.