Matayala akudyeka mbali imodzi galimoto ili pa waranti: momwe mungadziwire woyenera kulipira

Galimoto sinathe ngakhale chaka, koma tayala lakutsogolo ladyeka chamkati mpaka mawaya ayamba kuoneka. Mukabwerera kumene munaigula, yankho limakhala lokonzeratu: "Matayala sali pa waranti, bwana." Sakunama. Waranti ya galimoto, lomwe ndi lonjezo la wopanga lokonza mwaulere zolakwika za ku fakitale, kawirikawiri sikhudza zinthu zimene zimatha ndi kuyenda, monga matayala, mabuleki ndi mawaipa. Komabe tayala silidyeka mbali imodzi popanda cholidyetsa, ndipo ngati cholidyetsacho ndi chitsulo chimene chinachoka ku fakitale chili cholakwika, nkhani imasintha.

1. Yang'anani mmene ladyekera

Imikani galimoto pamalo osalala, mukhotetse chiwongolero mpaka kumapeto kuti mbali yamkati ionekere. Ngati ladyeka pakati pokha, mpweya umachuluka. Ngati ladyeka m'mbali zonse ziwiri pakati pali bwino, mpweya umachepa. Ziwirizi ndi zanu, musavutike kukangana. Koma likadyeka mbali imodzi yokha, kapena mukasisita ndi dzanja n'kumva timizere tikukanda mbali ina pomwe mbali inayo tikuterera, vuto ndi alayimenti, kutanthauza kuti magudumu sanalunjike bwino. Likakhala ndi zigambazigamba zodyeka kuzungulira tayala lonse, kayikirani mashoko kapena balansi (kulemera kwa gudumu kusafanana mbali zonse). M'ngalande za tayala muli timizere topingasa tosonyeza malire a 1.6 mm, tikafanana ndi pamwamba, tayalalo latha.

2. Yezani mpweya matayala asanatenthe

Mlingo woyenera uli pa kapepala komatidwa pa felemu ya chitseko cha dalaivala. Nambala yolembedwa pa tayala ndi malire apamwamba chabe, si imene muyenera kupopera.

3. Musalole kuti akonze musanasunge umboni

Apa ndi pamene ambiri amadziphera mlandu. Munthu akaona tayala ladyeka amathamangira alayimenti pafupi, n'kugula lina, lakale n'kusiyira anyamata apagalaja. Kenako akadandaula, alibe choonetsa. Jambulani matayala onse anayi, aliyense akali pamalo pake, pamodzi ndi makilomita apa dashibodi. Pokayezetsa alayimenti pemphani pepala la makina loonetsa manambala asanakhudze chilichonse ndi atakonza. Uzani makaniko akweze galimoto, agwedeze gudumu lililonse, aone mabushi, matayirodi ndi mabojointi (mphira ndi zitsulo zogwira ndi kuwongolera gudumu), n'kulemba zimene wapeza. Ngati waranti ikadalipo, ndi bwino zonsezi zichitikire kwa dila amene anakugulitsani galimotoyo, chifukwa wina akamasula zitsulozo adzanena kuti ndiye anaononga. Tayala lodyekalo liikeni m'buti.

4. Tsegulani buku la sevisi

Opanga magalimoto ambiri amalangiza kusinthanitsa matayala akutsogolo ndi akumbuyo pa makilomita pafupifupi 10,000 aliwonse. Ngati munadumpha sevisi, dila ayambira pomwepo. Koma ngati mumapita panthawi yake, onani malisiti: ngati analemba kuti asinthanitsa matayala kapena aika alayimenti n'kukulipiritsani, tayala n'kudyekabe posakhalitsa, funso likubwerera kwa iwo. Werenganinso kabuku ka waranti, pakuti opanga ena amalipira alayimenti pa miyezi yoyambirira yokha, ndipo nthawiyo imadutsa munthu osadziwa.

5. Gawani mlandu

Kunena zoona, pa misewu yathu maenje ndi amene amapha alayimenti nthawi zambiri. Mukagwera m'dzenje pa M1 nyengo yamvula, rimu n'kupindika, palibe waranti imene ingakuomboleni, ndipo makaniko amaona chipsera chake msanga. Katundu wopitirira muyeso, kukweza kapena kutsitsa galimoto, ndi marimu osiyana ndi amene inabwera nawo, zonsezi zimagwera mwini. Koma shoko ikatayikira mafuta kapena bushi ikang'ambika galimoto isanayende mtunda, popanda chizindikiro cha kugunda, chitsulocho ndi cha waranti, ndipo muli ndi poyambira popempha kuti aganizirenso tayala limene chinaononga. Musayembekezere latsopano laulere. Akavomera, ambiri amachotsera gawo limene munaliyendera kale.

Tayala likatupa kapena kusendeka lokha popanda kugunda, imeneyo ndi nkhani ya kampani yopanga matayala, kudzera kwa amene amawagulitsa. Adzafuna nambala yoyamba ndi zilembo za DOT, yolembedwa m'mbali mwa tayalalo. Manambala anayi omaliza ndi sabata ndi chaka chimene linapangidwa, mwachitsanzo 2322 ndi sabata ya 23 ya 2022. Amene munaitanitsa galimoto yogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, waranti ya fakitale nthawi zambiri palibe, kupatula zimene wogulitsayo anakulemberani.

6. Dandaulani polemba

Zokambirana pa kauntala zimauluka. Lembani kalata kapena imelo kwa mkulu wa sevisi, mutchule nambala ya galimoto, makilomita, masiku a sevisi, n'kuphatikizapo zithunzi ndi pepala la alayimenti lija. Akakana, apempheni alembe chifukwa chake. Ngati zikanikabe, ku Malawi kuno madandaulo a ogula amalandiridwa ndi Competition and Fair Trading Commission. Pitani ndi makope, mapepala enieniwo musunge kunyumba.