Ubwino wosonkhetsa ndalama tsiku limodzi lokha

Bungwe la antchito awiri kapena atatu silingapemphe thandizo mwezi wathunthu: antchito amatopa, uthenga n'kuzilala. Tsiku limodzi limachititsa wopereka kusazengereza, monga zimakhalira pa Giving Tuesday, tsiku la pachaka lopereka thandizo ku mabungwe othandiza anthu, lomwe linayamba ku America mu 2012.

Yambani kukonzekera kudakali milungu inayi. Tchulani chosowa chimodzi ndi mtengo wake, monga kukonza mjigo, osati "ntchito zathu zonse". Pezani munthu wolonjeza kuwonjezera kwacha pa kwacha iliyonse yoperekedwa. Anthu anu apafupi apereke m'mamawa, poti ambiri safuna kukhala oyamba. Yesani nambala ya Airtel Money kapena Mpamba dzulo lake. Ikavuta patsikulo, maola otayikawo sabwerera. Lengezani pa WhatsApp zomwe zasonkhedwa maola atatu aliwonse, ndipo thokozani wopereka aliyense pasanathe masiku awiri.