Momwe mungafufuzire anthu a dzina limodzi popanda kuwasakaniza

Anthu angapo akhala akundifunsa kuti ndimatani ndikafuna kudziwa anthu onse otchuka amene anali ndi dzina la bambo lofanana, kaya analemba mabuku, kaya anatulukira zinthu za sayansi, kaya anangotchulidwa penapake m'mbiri basi. Ntchitoyi ndimaikonda kwambiri koma ili ndi msampha umodzi woopsa, woti anthu awiri kapena atatu osiyana umawasandutsa munthu mmodzi iwe osadziwa. Ine zinandichitikira ndi dzina la Thomson, ndiye zitsanzo zambiri nditengera pomwepo.

Musanayambe kusaka chilichonse konzani kaye pomwe muzilemba. Kope likhoza kukwana, koma ine ndimakonda tebulo la pa kompyuta chifukwa limasanjika mosavuta. Munthu aliyense akhale ndi mzere wakewake, ndipo pamzerepo pakhale dzina lake lonse, chaka chomwe anabadwa, chaka chomwe anamwalira, mzinda kapena yunivesite yomwe ankagwirako ntchito, ndi ntchito yake yeniyeni. Mzere wopanda zaka muziuona ngati wosamaliza, musamaukhulupirire.

Kenako lembani kalembedwe konse ka dzinalo komwe kangakhalepo. Thomson ndi Thompson si dzina limodzi, ka p kamodziko kamakusamutsirani kwa munthu wina ngati Benjamin Thompson amene anabadwa 1753 ku America, nayenso wasayansi wofufuza za kutentha, ndiye mukapanda kusamala mumulowetsa m'gulu lomwe si lake. Koma pena zimakhala mosemphanitsa, Müller, Mueller ndi Muller akhoza kukhala munthu mmodzimodzi kungoti makina omwe anasindikizira analibe timadontho tiwiri tija. Maina ochokera ku chilankhulo cha ku Russia, China kapena Chiarabu ndiye amavuta kwambiri chifukwa aliyense ankawalemba m'zilembo zathuzi momwe wamvera.

Njira yachidule apa ndi Wikipedia. Mukalemba dzina la banja lokha nthawi zambiri imakupatsani tsamba lomwe landandalika anthu odziwika a dzinalo ndi zaka zawo. Ndi poyambira pabwino ndithu, koma ndi poyambira chabe, muli okhawo amene wina anakhala pansi n'kuwalemba.

Tsopano gawo lomwe ndikufuna mulimvetse bwino, la zilembo zoyamba za maina. M'mabuku akale ndi m'magazini a kafukufuku salemba dzina lonse, amangoti J. Thomson kapena W. Thomson basi. Ine ndinkakonza tinotsi tothandizira ana ena omwe ndimawaphunzitsa sayansi, ndipo ndinali nditawerenga za William Thomson, uja anabadwira ku Belfast mu 1824 n'kukhala pulofesa ku yunivesite ya Glasgow zaka 53, kuyambira 1846 mpaka 1899. Ndinaonanso kuti anali ndi mkulu wake James Thomson, nayenso pulofesa, wa zauinjiniya. Ndiye nditakumana ndi J. J. Thomson amene anatulukira electron, kachinthu kakang'onong'ono ka mkati mwa atomu, mutu wanga unangolumikiza kuti ameneyu ndi James uja, mkulu wake wa William. Zinkaoneka zogwirizana bwinobwino, onse a ku Britain, onse asayansi, nthawi yake yoyandikana, dzina limodzi, ndipo ndinalemba m'manotsimo kuti pachibale pawo anthu awiriwa anasintha sayansi ya dziko lonse.

Patapita masabata angapo ndinabwerera ku tebulo langa lija kuti ndidzaze malo a zaka omwe ndinawasiya opanda kanthu, ndi pomwe ndinaona. James Thomson anabadwa 1822 n'kumwalira 1892. Electron inatulukiridwa 1897. Munthu anali atagona m'manda zaka zisanu. J. J. uja ndi Joseph John Thomson, anabadwira ku Manchester mu 1856, ntchito yake ankagwirira ku Cavendish Laboratory ku Cambridge, analandira mphoto ya Nobel mu 1906, ndipo ndi banja la ku Glasgow lija palibe ubale. Zinandipweteka mtima kwambiri chifukwa ana aja anali atakopera kale m'makope mwawo, ena ataloweza, ndipo ndinayenera kubwerera kukawauza mmodzimmodzi kuti afufute. Kuchotsa chinthu cholakwika m'mutu mwa mwana n'kovuta kuposa kuchiikamo.

Ndipo nditafufuza mofatsa ndinapeza kuti ma J. Thomson sanali awiri okha ayi. Bambo awo a William ndi James nawonso anali James Thomson, pulofesa wa masamu ku Glasgow komweko, anamwalira 1849. Ndiye nyumba imodzi muli ma J. Thomson awiri, mwana ankafufuza momwe madzi oundana amasungunukira akapanikizidwa, bambo ankalemba mabuku a masamu. Palinso Joseph Thomson wa ku Scotland, anabadwa 1858 n'kumwalira 1895, yemwe anayenda m'dera la Amaasai, kum'mawa kwa Africa, cha m'ma 1883 ndipo nyama ina yonga gwape imatchedwa Thomson's gazelle potengera iyeyo. Joseph Thomson ndi Joseph John Thomson anabadwa motalikirana zaka ziwiri zokha, wina woyenda maulendo wina wa mu labotale. Ma J. Thomson anayi amenewo, ndipo ndangotchula omwe ndinakumana nawo ine.

Ndiye lamulo lomwe ndimatsatira tsopano n'lakuti chinthu chilichonse chomwe ndapeza, kaya buku, kaya pepala la kafukufuku, kaya kalata, sindichiika pamzere wa munthu mpaka zinthu zitatu zigwirizane, chaka, malo, ndi nkhani yomwe munthuyo ankachita. Ziwiri zokha sizikwanira, kwa ine zija malo ndi nkhani zinkaoneka ngati zikugwirizana koma chaka chinakana. Chomwe chakanika kulowa paliponse ndimachiika pansi penipeni pa tebulo n'kulemba kuti mwini wake sanadziwike, chimakhala pomwepo ngakhale chaka chathunthu.

Samalaninso ndi anthu amene dzina linasintha ali moyo. William Thomson yemweyu mu 1892 anapatsidwa ulemu n'kukhala Lord Kelvin, dzina lochokera ku mtsinje wa Kelvin womwe umadutsa pafupi ndi yunivesite ya Glasgow, ndiye zomwe analemba kuyambira pamenepo mukasaka Thomson mwina simuzipeza. Azimayi ndiye amasowa kwambiri m'mbiri pa chifukwa chomwechi. Marie Curie anabadwira ku Warsaw mu 1867 ali Maria Skłodowska, dzina la Curie analitenga 1895 atakwatiwa ndi Pierre, ndipo mwana wawo Irène amene analandira Nobel mu 1935 amapezeka pa Joliot-Curie.

Za anthu ophunzira amasiku ano zinaphwekako. Google Scholar, posakira mapepala a kafukufuku, ndiyothandiza koma imasakaniza anthu kwambiri makamaka pa maina ofala ngati Wang, Li, Smith kapena Kim, mumapeza munthu mmodzi akuoneka ngati analemba za matenda a mtima, za simenti ndi za ndakatulo chaka chimodzi. Muziyang'ana ngati ali ndi nambala ya ORCID, inayamba 2012, imakhala ya manambala 16 ndipo ndi ya munthu mmodzi yekha ngakhale asinthe dzina kapena yunivesite. Kwa olemba akale pitani pa VIAF, pamene malaibulale akuluakulu a mayiko osiyanasiyana anaphatikiza zolemba zawo ndipo amasiyanitsa anthu ndi zaka zobadwa ndi zomwalira. WorldCat imakuuzani laibulale yomwe ili ndi bukulo. Zonsezi kusakamo n'kwaulere.

Pa nkhani ya ubale, dzina lofanana si umboni. Booker T. Washington, mphunzitsi wotchuka wa ku America, sanali m'bale wa George Washington, pulezidenti woyamba wa dzikolo, anabadwira mu ukapolo ndipo dzinalo anadzipatsa yekha ali mwana kusukulu. Ku Iceland anthu ambiri alibe n'komwe dzina la banja, mwana amatenga dzina loyamba la bambo n'kuwonjezera son kapena dóttir, ndiye ma Jónsson awiri akhoza kukhala osadziwana n'komwe. Koma mabanja enieni aliponso, J. J. Thomson uja mwana wake George Paget Thomson analandira Nobel mu 1937 pa kafukufuku wa electron yomweyo. A Bernoulli a ku Basel ku Switzerland, Jacob, mng'ono wake Johann ndi Daniel mwana wa Johann, onse akatswiri a masamu, kungoti banja limenelo linkabwereza maina omwewo mpaka olemba mbiri amachita kuika manambala, Johann I, Johann II, Johann III.

Apa ndichenjezeko za mawebusayiti aja amakugulitsani satifiketi yokongola ya "mbiri ya dzina lanu" pamodzi ndi chishango cha banja chojambulidwa mikango ndi malupanga. Musataye ndalama zanu. Nkhani yomwe amalemba imakhala yomweyo kwa aliyense, amangosintha dzina pamwamba, ndipo sakuuzani komwe anaitenga. College of Arms ya ku London, yomwe ndi eni ake a nkhani za zishango ku England kuyambira 1484, imanena poyera kuti chishango chimaperekedwa kwa munthu ndi mbadwa zake, osati kwa aliyense wa dzinalo. Enanso amakulonjezani masiku oyeserera aulere n'kukupemphani khadi ya kubanki, mukaiwala kuletsa amayamba kudula okha mwezi ndi mwezi.

Zotsalazo n'zachidule. Ngati mukufuna anthu wamba osatchuka yesani FamilySearch, webusayiti ya mbiri za mabanja, kulembetsa n'kwaulere, koma mitengo ya mabanja yomwe anthu ena anaikamo muziitsimikiza ndi chikalata chenicheni chifukwa zolakwika zimakoperedwa kuchoka kwa wina kupita kwa wina. Nyuzipepala zakale, makamaka nkhani za maliro, zimatchula ana ndi abale. Chilichonse mwapeza lembani pomwe mwachitenga ndi tsiku, jambulani tsambalo chifukwa malinki amafa. Mukamaliza sanjani tebulo lanu potsata chaka chobadwa n'kuwerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, muone ngati palibe wina amene walemba buku ali ndi zaka zitatu kapena atamwalira kale.